Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku Gniezno

Loweruka lapitali ife ophunzira Chipolishi tinakwera sitima ku Poznań kupita ku Gniezno, mizinda ya ku Poland, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, aphunzitsi athu akutitsogolera.

Tinayambira pa chipilala cha Bolesław Chrobry, mfumu yoyamba ya Poland, kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu. Mfumuyi inavekedwa chisoti mu 1025, ndipo nkhope yake timaiona tsiku ndi tsiku pa ndalama ya 20 złoty. Aphunzitsi anati chrobry ndi wolimba mtima, koma liwulo linakalamba. Lero silimveka pakamwa pa anthu kupatula m'dzina la mfumuyi. M'zinenero zapachibale ndi Chipolishi lilipobe. A ku Ukraine amati khorobryi, a ku Serbia hrabar, a ku Czech chrabrý. Onsewa anatengera kholo limodzi, *xorbrъ, kenako aliyense anapinda or wa m'liwulo mwa kwawo: Apolishi ro, akum'mawa oro, akumwera ra. Liwu la ng'ombe nalo linayenda njira yomweyo: krowa, korova, krava. Anzathu awiri omwe anaphunzirako ku Russia anafunsa kuti nanga bwanji kumeneko amati khrabryi. Aphunzitsi anayankha kuti limenelo linalowa kudzera m'chinenero cha tchalitchi, chochokera kumwera, n'kukankhira pambali la eni nthaka.

Pa zitseko za mkuwa za tchalitchicho, za m'zaka za m'ma 1100, tinakhalitsa. Pali zithunzi 18 za moyo wa Wojciech woyera, bishopu amene anaphedwa ndi anthu a ku Prussia mu 997. Chimodzi chikuonetsa sikelo: mbiri imati Bolesław anawombola mtembowo ndi golide wolemera mofanana nawo. Pamenepo aphunzitsi anatchula odwaga, liwu la lero la kulimba mtima, lomwe ndi lapachibale ndi waga, sikelo, liwu lobwerekedwa ku Chijeremani.

Ineyo dzina la Chrobry silinandikhalire bwino. Mfumu yomweyi inakolowola maso Boleslav III wa ku Bohemia mu 1003, ndipo mu 1018 inalanda Kyiv. Tinatsutsana kwambiri pa nkhomaliro, ena akuti mafumu onse a nthawiyo ankatero. Ine ndikuti Wojciech, amene anapita kwa adani wopanda lupanga, ndiye ankayenera dzinalo.

Tagwirizana kuti ulendo wotsatira tikaone manda a Bolesław m'tchalitchi chachikulu cha ku Poznań.