Zikomo kwa ana a Sitandade 4 amene anam'bwereka dzanja mwana wanga

Dzulo masana adokotala anachotsa chikhakha pamkono wa mwana wanga wamkazi, patatha masabata 6. Mkonowo unatuluka woonda, wotuwa, khungu likusupuka ngati la njoka yofundula, koma fupa lagwirana bwinobwino. Tisanatuluke m'chipindamo anapempha anamwino kuti chikhakhacho asachitaye, chifukwa paliponse palembedwa mayina a anzake a m'kalasi, ena ndi bolopeni, ena ndi chekeni. Tabwera nacho kunyumba ngakhale chikununkha thukuta, ndipo m'pamene ndati ndilembe mawu awa.

Ndiyambe ndi kupepesa. Tsiku la ngoziyo linali Lachiwiri, nthawi ya buleki. Mwanayu ankalumpha chingwe ndi anzake, anakodwa mwendo n'kugwa atatsogoza dzanja lamanja. Aphunzitsi ake anam'tsamiritsa mkonowo pa rula, anaumanga ndi mpango wawo, anathamanga naye kuchipatala, kenako anandiimbira foni. Ine nditafika sindinapereke n'komwe moni. Ndinawakalipira pamaso pa anthu, ndikuwafunsa kuti anali kuti pamene mwana wanga ankagwa, ngati kuti munthu mmodzi angagwire miyendo ya ana onse pabwalo. Iwo anangoti, "Pepani mayi, khalani pansi, akumujambula." Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Wanga ndaupeza m'masabata onsewa, tsiku lililonse mwana akabwera ndi nkhani ya zabwino zimene aphunzitsi omwewo am'chitira. Aphunzitsi, ndikhululukireni. Ndalemba poyera chifukwa ndinakulakwirani poyera.

Adokotala anatifotokozera kuti pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, ndipo limodzi ndi lomwe linavulala. Silinaduke pawiri ayi. Fupa la mwana ndi lofewa, limapindika n'kung'aluka mbali imodzi monga imachitira nthambi yaiwisi ukafuna kuithyola, ndipo limapola msanga kusiyana ndi la munthu wamkulu. Mtima wanga unakhalako pansi, koma wake ayi. Usiku umenewo analira kwambiri, ndipo nditamufunsa ngati zikuwawa anati chikumuliza ndi manotsi, kuti alemba bwanji, popeza mayeso apakati pa teremu anali pafupi.

Ine ndinkaganiza zoti akhale kaye pakhomo. Bambo ake anakana, ndipo Lolemba lotsatira anam'perekeza kusukulu. Zimene zinachitika kumeneko sitinapemphe ife, ndipo aphunzitsi akuti nawonso sanalamule. Monitala wa kalasi, kamnyamata kamene ndikumva kuti n'kaukali pa nkhani ya phokoso, kanalemba mndandanda kumapeto kwa kope: Lolemba alembe uyu, Lachiwiri uyu, mpaka Lachisanu. Aliyense akamaliza kukopera zapabolodi m'kope mwake, ankalembanso m'kope la mwana wanga.

Makope amenewo ndawasunga. Mukawatsegula mungaseke. Tsamba lina zilembo zake n'zozungulira bwino ngati zosindikiza, lina zapendekera kumanzere ngati udzu pamphepo. Pali wina amene amasokonezabe b ndi d, moti pamene panayenera kukhala "dothi" analemba "bothi", aphunzitsi n'kukonza ndi inki yofiira osadziwa kuti akudzudzula ndani. Wina akamaliza kulemba ankajambula kaduwa pakona. Ana inu, ndikudziwa kuti nthawi imene munkalemba kawiriyo anzanu a makalasi ena anali atatuluka kale kukasewera. Zikomo kwambiri.

Koma chimene chandikhudza kuposa zonse ndi cha masamu. Sabata yachiwiri ankaphunzira kuchulukitsa ndi 9, ndipo aphunzitsi anawaonetsa njira ya zala. Umayala manja onse awiri padesiki, n'kuwerenga zala kuyambira kumanzere. Ukafuna 9 × 7 umapinda chala cha nambala 7. Kumanzere kwake kumatsala zala 6, kumanja 3, yankho n'kukhala 63. Njirayi imagwira kuyambira 9 × 1 mpaka 9 × 10, koma imafuna zala 10, pamene mwana wanga zala zakumanja zinali zotupa, zongosuzumira kunja kwa chikhakha. Mtsikana wokhala naye desiki imodzi sanayankhule kanthu. Anangosendera pafupi n'kuika dzanja lake lamanja pambali pa dzanja lamanzere la mwana wanga. Chala chofunika kupinda chikakhala kumanzere ankapinda wanga, chikakhala kumanja ankapinda mnzakeyo. Pa 9 × 7 mnzakeyo ndi amene anapinda chala cha mkombaphala. Madzulo ake mwana anandiuza kuti, "Amayi, bweretsani dzanja," n'kundiphunzitsa patebulo. Ine amene ndinaloweza teburo la 9 limeneli ndi misozi sindinkadziwa kuti manambala awiri a yankho ukawaphatikiza amabwerera pa 9: 1 ndi 8, 2 ndi 7, 6 ndi 3. Ndaphunzira ndili mayi wa ana atatu.

Aphunzitsi nawo sanalole kuti ngoziyi ipite pachabe. Anapempha chithunzi cha ekisireyi, anachigwira pawindo kuti dzuwa liwale kumbuyo kwake, ana n'kumabwera awiriawiri kudzaona pamene fupa linang'aluka. Tsiku limenelo kalasi yonse inapita kwawo ikudziwa kuti munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndiponso kuti khanda limabadwa ndi ochuluka kuposa pamenepa, ena n'kumalumikizana likamakula. Mwana amene ankachita manyazi ndi chikhakha, n'kumachibisa m'juzi, anasanduka mwini phunziro, anzake akumufunsa ngati makina ojambulirawo amapweteka.

Zina n'zazing'ono koma sindingazisiye. Chikwama sananyamulepo yekha. Pa ntchito yosesa anam'chotsa, iye anakwiya kuti akumuyesa wodwala, ndiye a hedi anam'patsa ntchito yoimba belu ndi dzanja lamanzere. Akuti tsiku loyamba analiimba motalika mpaka anachita kum'letsa. Posamba m'manja, dzanja limodzi silingadzipake lokha sopo, ndipo chikhakha sichifuna madzi, choncho mnzake ankam'sambitsa lamanzerelo uku onse akuwerenga mpaka 20 monga anawaphunzitsira. Pokumbukira tsiku la kusamba m'manja padziko lonse, limene limakhala pa 15 Okutobala, awiriwa ndi amene anaonetsa sukulu yonse kasambidwe kake pa asembule.

Mayeso analemba. Aphunzitsi anam'patsa nthawi yowonjezera kuti alembe ndi lamanzere, ndipo mafunso ofuna mayankho ataliatali anayankha pakamwa. Sindinamiza anthu kuti anakhala nambala wani. Ali pakatikati pomwe amakhala nthawi zonse, ndipo Chingerezi chatsikako pang'ono. Koma sanagwe phunziro lililonse, ndipo mafunso onse ochulukitsa ndi 9 anakhoza.

Tsiku la aphunzitsi, limene bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1994, linadutsa pa 5 Okutobala ine ndili ndi manyazi anga, osatumiza ngakhale uthenga. Landirani lero, aphunzitsi a Sitandade 4, inu ndi a hedi. Ndithokozenso makolo anzanga amene munkalola ana anu kubwera kwathu Loweruka kudzawerenga naye. Ena a inu sitinaonanepo nkhope, koma ana anu ndikuwadziwa ndi kalembedwe kawo. Kwa mayi a mtsikana wa padesiki uja, ndidzabwera ndekha kudzakuonani, izi za pa intaneti sizikukwana.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa ana inu, makolo anu akuwerengereni. Adokotala ati mkono ukadali wofooka, ayambe pang'onopang'ono kupinda dzanja ndi kugwira pensulo, koma zolumpha ndi mpira ayembekeze kaye mpaka akamuonenso. Ndikumudziwa mwana wanga, Lolemba lomweli adzakunyengererani kuti amayi alola. Sindinalole. Ngati akufuna chingwe, m'patseni nsonga imodzi azipukusa ndi lamanzere, inu muzilumpha. Manotsi ayambe kulemba yekha, ngakhale azichedwa, ndipo monitala akhoza kufufuta mndandanda uja.