Garratt ya ku Bulawayo yanditsegula mutu

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Nkhani ya kagawidwe ka kulemera kwa sitima pa maekiselo (zitsulo zolumikiza mawilo awiriawiri), imene yandizunguza mutu teremu yonseyi, ndaimvetsa, ndipo ndakaimvetsera ku myuziyamu ya sitima ya ku Bulawayo, ija ili ku Raylton kufupi ndi siteshoni. Alendo ambiri amathamangira kukaona bogi imene ankakwera Cecil Rhodes. Ine ndinakakamira pa mainjini a sitima oyendera nthunzi otchedwa Garratt mpaka miyendo kuwawa.

Za momwe nthunzi imakankhira pisitoni sindichedwa nazo, anzanga a uinjiniya mukuzidziwa kale. Vuto lenileni linali njanji. Za ku Zimbabwe n'zopapatiza ngati zathu za ku Malawi ndi Zambia, mamilimita 1,067 basi, ndipo kale zambiri zinali zopepuka ndi zokhotakhota. Kuti ukoke mabogi odzaza malasha a ku Hwange pafunika boila (thanki yowiritsira madzi kuti pakhale nthunzi) yaikulu. Boila yaikulu n'njolemera, ndipo kulemerako kukaunjikana pa maekiselo ochepa, njanji ndi milatho zimaonongeka. Ukachulukitsa mawilo pa felemu imodzi yaitali, sitima ikanika pokhota. Ndiye utani?

Herbert Garratt, injiniya wa ku Britain amene anayambitsa mainjiniwa, anangoti boila isakhale pamwamba pa mawilo. Inyamulidwe pakati, monga ankanyamulira munthu pa machila, injini imodzi kutsogolo, ina kumbuyo, iliyonse ikukhota payokha pomwe yalumikizana ndi felemu ya boilayo. Kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapanga yoyamba mu 1909, yopita ku Tasmania, ndipo pambuyo pake Rhodesia Railways, kampani ya njanji ya ku Zimbabwe pa nthawiyo, inagula zambirimbiri. Za mtundu wotchedwa kalasi 20 mawilo ake amayalidwa 4-8-2+2-8-4, kutanthauza mawilo 14 pa injini iliyonse, pamodzi maekiselo 14 ogawana katundu. Ndinawerama n'kuyang'ana kunsi kwa boila: mulibe wilo ngakhale limodzi! Mpake boilayo ikhale yonenepa chotero ndipo malo osonkhapo moto akhale akuya, palibe chowapanikiza. Pomwepo ndinaona kuti uwu ndi mtanda uja wokhala pa michirikizo iwiri umene timauwerengera m'kope tsiku ndi tsiku. Mtanda womwe uja, koma wachitsulo, wokhudzika ndi manja.

Ndinakhala pansi n'kuijambula ndi pensulo, ndikuika mivi pamene kulemera kukutsikira. Ine ndimakhulupirira kuti palibe njira yoposa imeneyi. Chinthu chimene sunachijambule ndi dzanja lako utachiyang'ana sunachidziwe, kaya waloweza mafomula angati. Bwenzi phunziro lililonse la makina likuyambira pamenepa.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti aphunzitsi athu amangodzaza bolodi ndi zilembo, kufufuta, kulembanso zina, uku akuti silabasi ikutithawa. Ukakweza dzanja akuti ukawerenge wekha. Sindikuti alibe nzeru, nawonso nthawi yawachepera, komabe mphindi zochepa zoonetsa chithunzi cha sitima ngati iyi zikanatipulumutsa ambiri.

Pali pena pamene sindinafikepo bwino. Madzi ndi malasha zimakhala pamwamba pa mainjini awiri aja, ndiye zikamatha paulendo kulemera kopanikiza mawilo kumachepa, mawilowo n'kuyamba kuterereka mosavuta. M'mutu ndikuziona, koma ndikafuna kuziika m'masamu, katundu akusintha sitima ili paulendo, mivi yanga ija ikusokonekera. Kaya pofika mayeso ndidzakhala nditazigwira, kaya ndangomvetsa sitima yoima chabe.