Atsikana atsogola, anyamata akudikira: sabata yanga ndi ana otha msinkhu

Ndine namwino pachipatala china chaching'ono kuno ku Dedza, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuona achinyamata. Lolemba tinapita ndi mlangizi wa zaumoyo kusukulu ina yapulayimale cha ku Bembeke, kumene aphunzitsi anatipempha kuti tikacheze ndi ana a Sitandade 5 ndi 6. Tinanyamula sikelo ndi tepi yoyezera msinkhu.

Anawo tinawaimika potengera zaka, osati kalasi, pakuti m'kalasi imodzi mumapezeka wazaka 11 ndi wazaka 16. Wina anachedwa kuyamba, wina anabwereza. Pamzere wa azaka 12 zinthu zinaoneka zokha. Atsikana ambiri anali atawapitirira anyamata, ena mnyamata n'kumawalekeza paphewa. Madiresi a yunifolomu awathina pachifuwa, ndipo angapo anali atavala juzi dzuwa lili paliwombo. Ku Bembeke kumazizira ndithu, koma juzi yamasana ija ndi yobisira mawere. Anyamata anali pomwepo kukankhana, mawu akadali achibwana.

Mtsikana amayamba kusintha ali ndi zaka zapakati pa 8 ndi 13, mnyamata pakati pa 9 ndi 14. Mukaona manambalawo mungati kusiyana n'kochepa, koma kumene maso amaona n'kwakukulu. Kwa mtsikana choyamba ndi mawere, chinthu chosabisika, ndipo kutalika mofulumira kumabwera koyambirira komweko, cha pa zaka 11 kapena 12. Kusamba kumatsatira patapita zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Kwa mnyamata choyamba ndi kukula kwa machende, chimene ngakhale mwiniwake sachizindikira. Kutalika ndi kubesa kwa mawu zimadza mochedwa, cha pa zaka 13 kapena 14. Ndiye pamakhala zaka ngati ziwiri zimene mtsikana akuoneka namwali pamene mnzake wobadwa naye chaka chimodzi akuthamangitsabe galimoto yamawaya.

Anyamata ndinawatengera pansi pa mtengo paokha. Kapepala kena ka funso kamene mmodzi wa iwo anandipatsira kanati: "Anzanga onse mawu anasintha, ine ayi. Kodi anandilodza?" Ndinawauza kuti kudikirako sikupita pachabe. M'zaka zimenezo mnyamata amawonjezerabe masentimita pafupifupi 5 pachaka, ndipo nthawi yake ikakwana amatha kuwonjezera 10 m'chaka chimodzi. N'chifukwa chake amuna ambiri amadzatalika kuposa akazi ndi masentimita pafupifupi 13. Kamnyamata kena kakutsogolo kanawongoka pomwepo n'kuyang'ana anzake.

Lachiwiri linali la sikelo ya ana ndi malungo, mzere mpaka panja.

Lachitatu kunabwera mayi ndi mwana wawo wamwamuna wazaka 13, atapinda manja pachifuwa. "Anesi, mwana wangayu akumera bere. Kodi asanduka mkazi?" Nditamuona ndinapeza kachotupa kolimba pansi pa nsonga ya bere lakumanzere, kopweteka ukakakhudza. "Mayi, mtima pansi. Pafupifupi theka la anyamata zimawachitikira mahomoni akamasintha, ndipo kamaphwa kokha pakatha chaka kapena ziwiri. Musakafinye, musakamutemerenso mphini." Kenaka ndinawapempha atuluke kaye. Atangotseka chitseko mwana uja anafunsa motsitsa mawu za kunyowetsa kabudula kutulo. Anali atakhala nayo nkhawayi miyezi, akuganiza kuti ndi matenda.

Apa m'pamene pamandiwawa. Mtsikana akatha msinkhu pali tsiku lodziwika, ndipo azakhali, anamkungwi ndi amayi a mother group (gulu la amayi othandiza atsikana pasukulu) amamuzungulira. Mnyamata alibe tsiku lotero. Zake zimabwera pang'onopang'ono, mwakachetechete, ndipo amaphunzira kwa anzake kubwalo la mpira kapena pafoni ya mkulu wake. Abambo ambiri amadikira mpaka aone ndevu, koma pofika pamenepo mwana anamva kale zambiri zabodza.

Tsiku lolemera linali Lachinayi. Agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo wazaka 11 amene wangoyamba kusamba. Sanabwerere matenda. Anati, "Mwanangu, uyu wagwa m'dothi. Amalume ake akuti zasukulu zatha apa, pali munthu wafunsira." Mtsikanayo anali atakhala pabenchi miyendo ikulendewera, akusewera ndi ulusi wa juzi. Ndinamufunsa zimene amakonda, iye n'kuyankha kuti fulaye ndi masamu.

"Agogo, uyu ndi mwana," ndinatero. "Thupi lafulumira, koma mafupa a m'chiuno sanamalize kukula. Atatenga pakati pano mwana akhoza kukanika kutuluka, ndipo n'kumene kumachokera matenda a fistula aja, mkodzo osaleka kudontha." Ndinawakumbutsanso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, komanso kuti kuno kwathu Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati ambiri a ana n'kuwabwezera kusukulu. Agogowo anapuma mozama. Iwo eni sankafuna ukwatiwo, ankangosowa wowaikira kumbuyo pokalankhula ndi amalumewo. Tinagwirizana kuti apite limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo kwa amfumu.

Mnyamata wazaka 11 palibe amene amamuganizira zaukwati. Mtsikana wazaka zomwezo, nzeru zomwezo, chifukwa chakuti thupi lake latsogola, abambo akuluakulu amayamba kumuitana panjira yakuchigayo.

Pali ena amene amachedwadi, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi chakudya. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, ndipo mwana wokula moperewera zakudya amathanso msinkhu mochedwa. Matenda okhalitsa nawo amachedwetsa. Makolo ndimawauza kuti abwere naye mtsikana akafika zaka 13 mawere asanayambe, kapena 15 asanasambe, ndiponso mnyamata akafika 14 popanda kusintha kulikonse. Zikayamba mtsikana asanakwane 8 kapena mnyamata asanakwane 9, abwerenso msanga.

Lachisanu ndinabwerera kusukulu kuja kukakumana ndi mother group pamodzi ndi anamkungwi awiri. Ndinapempha kuti atsikana tiziyamba kuwauza za kusamba ali ndi zaka 9, msinkhu umene amalandirira katemera wa khansa ya khomo la chiberekero amene anayamba mu 2019, osadikira kuti adzaone magazi pa yunifolomu ali m'kalasi. Namkungwi wina anakana. "Anesi, mwambo suuzidwa kwa mwana wosakula." Ndinawayankha kuti mwambo ndi wawo, sindikuwalanda. Changa n'chakuti mwana adziwe kuti magaziwo si bala, ndi kuti nyanda aipeza kwa yani. Anati akaganizira, ndipo abwera ndi yankho pamsonkhano wa mwezi wamawa.

Za anyamata zinavuta pang'ono chifukwa m'chipindamo munalibe bambo ndi mmodzi yemwe. Tinatuma mwana kukaitana aphunzitsi aamuna a Sitandade 7, ndipo iwo anavomera kumakhala nawo Lachitatu lililonse akaweruka. Anandisonyezanso mnyamata wina wa m'kalasi mwawo, wazaka 16, wamsinkhu ngati wa Sitandade 4. Ndamulembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu ku Dedza boma, ndipo mayi ake akuti apita naye akagulitsa mbatatesi.