Khansa ya m'mapapo: chithandizo chimayambira pa kachidutswa ka chotupa

Anthu akamva kuti achemwali anga ali ndi khansa ya m'mapapo, amafunsa kuti, "Ayamba chemo?" Ayi, sanayambe dripi yopha maselo a khansayo, ndipo dokotala wawo anachita dala kusafulumira nayo. Anayamba wadula kachidutswa ka chotupacho n'kukapimitsa, chifukwa khansa ya m'mapapo si yamtundu umodzi. Pafupifupi odwala 85 mwa 100 alionse amakhala ndi yotchedwa non-small cell. Otsalawo amakhala ndi small cell, yomwe imathamanga kwambiri moti nthawi zambiri opareshoni siithandiza, amadalira chemotherapy ndi kuwotcha chotupa ndi makina a radiotherapy.

Chotupa chikapezeka chisanafalikire, opareshoni ndiyo imapereka mwayi waukulu wochira. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, ndiye amachotsa chigawo chimodzi munthu n'kumapumabe. Kwa achemwali nthawi ya zimenezo inali itadutsa, matenda anali atafika kale m'fupa la msana.

Zotsatira za kachidutswa kaja zinaonetsa kusintha kwa jini (malangizo a m'kati mwa maselo) yotchedwa EGFR, komwe kumapezeka kawirikawiri mwa amayi ndi mwa anthu osasuta fodya, ngati iwowo. N'chifukwa chake amamwa piritsi limodzi patsiku la osimertinib m'malo mwa dripi ya chemo ya milungu itatu iliyonse. Piritsilo lili ndi zake: ziphuphu kumaso, kutsegula m'mimba, ndi zilonda m'mbali mwa zikhadabo moti mabatani a bulauzi ndimawamangira ndine. Koma chifuwa chaleka kuwadzutsa usiku. Sikuti achira, mankhwala otere amagwira kwa nthawi, kenako khansayo imawazolowera, ndipo dokotala anatiuza zimenezi mosabisa. Ululu wa msana anauthetsa ndi radiotherapy.

Amene alibe kusintha kotere amawayeza PD-L1, chizindikiro china chopezeka pa maselo a chotupa, kuona ngati mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab angawathandize.

Chimene chimandiwawa mtima ndi achibale okana anamwino ochepetsa ululu, ati kuwaitana n'kutaya mtima. Mu 2010, kafukufuku wa ku Boston anapeza kuti odwala khansa ya m'mapapo yofalikira amene analandira chisamaliro chimenechi msanga ankakhala bwinoko, ndipo anakhala ndi moyo miyezi yoposa iwiri kuposa anzawo. Ife tinawapempha anamwinowa kuyambira pachiyambi, ndipo ndi iwo amene anatiphunzitsa kuti morphine wochepa amathandiza munthu akamabanika.