Kusaka mizu ya mbumba yathu m'makalata akale

Ntchitoyi yatha, ndipo mtima wakhala pansi. Mndandanda wa mbumba yathu tsopano uli pa pepala, kuyambira kwa agogo awo a agogo anga mpaka makanda a chaka chino. Ndife alimi a fodya ndi mtedza kumadzulo kwa Lilongwe, banja loti pakagwa maliro timadzaza mudzi tokha.

Chinatiyambitsa ndi munda. Malo athu analembedwa nthawi ya ndunda, pamene Lilongwe Land Development Programme, yomwe inayamba mu 1968, inkaika malire n'kulemba minda m'dzina la banja, munthu mmodzi n'kumaimira onse. Wotiimira uja anatisiya kalekale, ndipo bere lililonse linayamba kuloza dimba kuti ndi lake. A mfumu atatopa nafe anati tibweretse mndandanda, aone kuti ndani anabadwa kwa ndani.

Inu amene mukufuna kuchita zomwezi, musayambire ku maofesi. Yambani ndi amayi okalamba a pamudzi. Kwathu n'kwa chikamwini, munda umatsata mayi, koma mapepala a atsamunda ankatsata mwamuna: wokhoma msonkho, wolembetsa fodya ku Native Tobacco Board yomwe inakhazikitsidwa mu 1926, wopita ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Amayi amene anagwira khasu m'minda imeneyi moyo wawo wonse simuwapeza m'mabuku amenewo. Za zikalata zobadwira iwalani. Lamulo loti mwana aliyense alembetsedwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo chaka chobadwa chimene chili pa chiphaso cha unzika cha agogo, chija anajambulitsa mu 2017, nthawi zambiri n'chongoyerekeza. Ndiye musawafunse chaka. Afunseni kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kusinja kapena ayi, kapena kuti Kamuzu pobwera mu 1958 anali ndi ana angati. Akhazikeni aliyense payekha, chifukwa mukawasonkhanitsa wamkulu amayankhira onse, enawo n'kumangovomera.

Tsegulani foni ijambule mawu. Musadalire kope lokha.

Makalata tinawapeza m'bokosi lachitsulo lomwe malume awo a mayi anabwera nalo kuchokera ku Joni. Anali omangidwa ndi mlezo, onunkha fodya, ena m'mphepete atadyedwa ndi mphemvu. Nkhani zake n'zomwezomwezo: ndatumiza ndalama ya msonkho, mugule mbuzi, chigafa muchifolere mvula isanagwe. Phindu lili pa moni. Munthu akamalemba ali ku migodi ankapereka moni kwa aliyense, kuyambira wamkulu kutsikira pansi, ndipo mukayala makalatawo motsatana mumaona banja likusintha. Dzina likasowa pa moni ndiye kuti mwini wake wamwalira kapena ukwati watha. Dzina latsopano likatulukira kumapeto, kwabadwa mwana. Kalata ina ya pensulo inali ndi mzere umodzi woti mwana wabadwayo amutche dzina la mlongo wake wa wolembayo, ndipo mzere umenewo ndi umene unatilumikizira mabere awiri omwe ankakanana ubale.

Ambiri alibe deti, choncho musataye maenvulopu. Sitampa yolembedwa Rhodesia & Nyasaland ndi ya nthawi ya chitaganya, pakati pa 1954 ndi 1963. Keyala ikati Nyasaland, ndiye kuti 1964 isanafike kapena chakomweko, ndipo Fort Manning ndi Mchinji ya lero. Wa ku Joni akamatchula marandi, ndi 1961 kapena pambuyo pake. Akumudzi akamayankha za makwacha m'malo mwa mapaundi ndi mashereni, mwafika 1971. Makalata a ku migodi kwathu anadukira cha mu 1974, chaka chomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, boma n'kuletsa anthu kupita. Musadabwenso zolemba zikamasiyana pa makalata a munthu mmodzi. Ambiri ankachita kulembetsa kwa mnzawo wa pa komboni, ndipo mlembi aliyense ankalemba maina mmene wawamvera.

Tsono za ku ofesi ya zamalo. Ndinkangofuna kuona pepala la ndunda, ndione dzina la wotiimira ndi malire, basi. Ndinadzuka m'bandakucha, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka m'tauni. Wa pakhomo akuti dikirani. Ndadikira mpaka dzuwa pamutu, kenako akuti amene amasunga makiyi a chipinda cha mafayilo apita kumaliro. Chabwino, maliro sakanizidwa, koma ofesi yonse kiyi mmodzi? Nditabwerera tsiku lina, makiyi alipo, koma akuti kalata ya a mfumu ili kuti. Tsiku loyamba lija palibe anaitchula kalatayi, chonsecho ndinakhala pa benchi pamaso pawo tsiku lathunthu. Ndabwera nayo kalata, akuti chidindo cha a gulupu sichikwanira, pakufunika cha a T/A. Ndipo mnyamata wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti pakhala ya fanta fayilo ipezeka lero lomwe. Ndinamuuza kuti ndilipira chilichonse chomwe chili ndi lisiti. Anangoseka n'kulowa m'kati. Masiku amenewo kumudzi kunali kokolola mtedza, aganyu ndinawasiya okha, ndalama ya thiransipoti inali yobwereka. Fayiloyo itatuluka, linali pepala limodzi, ndipo makina a fotokope akuti anafa. Ndinalijambula pa foni ali chiyang'anire. Inu mukamapita ku ofesi iliyonse ya zamalo, tengeranitu kalata ya zidindo zonse ziwiri, ndipo foni ikhale ndi moto.

Ndabwerera pang'ono ku maina, chifukwa ndi amene amazunguza mutu. Mwamuna mmodzi amatha kukhala ndi dzina la ubwana, lina la kudambwe, lina la ubatizo, n'kukatenganso lina ku migodi. Amayi nawo pa mndandanda wathu a Nabanda analipo ambirimbiri, ena ongodziwika kuti make uje. Pa munthu aliyense lembani maina onse, kuwonjezapo dzina la mayi ake ndi mudzi womwe bambo ake anachokera. Mukapanda kutero mudzakwatitsa munthu ndi mdzukulu wake pa pepala.

Ku tchalitchi kunandiyendera bwino. Mishoni za m'chigawo chapakati n'zakale, Mvera inayamba mu 1889, Nkhoma mu 1896, ndipo mipingo yambiri imasungabe mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Pitani kudzera kwa mkulu wa mpingo wa kwanu, osangotulukira. Buku lomwe anandionetsa masamba ena chiswe chinadya, koma m'menemo ndi momwe ndinapeza amayi olembedwa ndi maina awoawo. A banja omwe anali a gule okhaokha simuwapezamo, amenewo bwererani kwa agogo. Jambulani tsamba lonse, osati mzere wanu wokha, poti wobatizidwa tsiku lomwelo nthawi zambiri amakhala msuweni.

Ku National Archives ku Zomba pitani komaliza, mutadziwa chomwe mukufuna. Kumeneko mumafufuza ndi dzina la boma, la mfumu ndi la mudzi, m'kalembedwe ka azungu, osati ndi dzina la agogo anu. Zolemba zambiri za boma zoyambirira zinapsa ndi moto mu 1919, koma mabuku a ma DC amathandiza kudziwa kuti mudzi unagawikana liti ndipo unyakwawa unayenda bwanji.

Pomwe simunapeze umboni siyani mpata, musadzazepo za m'mutu, chifukwa pabwalo adzakufunsani kuti mwazitenga kuti. Ine ndinasiya mipata pa matchona awiri amene anapita ku Salisbury, Harare ya lero, osabwerako. Ndipo posindikiza musonkhetseretu ndalama. Ine ndinalipira ndekha, koma amene sanaponyepo ngakhale tambala ndi omwe akuimba foni usiku kudandaula kuti dzina la mwana wawo ndaliika pansi pa la mwana wa mng'ono wawo.