Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Bulangete lozungulira

Zikomo nonse amene munandilembera gawo lapitalo litatuluka, makamaka amayi a ku Dedza, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amene munandiuza kuti nanunso munadutsa momwemu. Ena mwafunsa kuti bulangete lija la khanda, limene ndinkaluka ndi koloshi, linatha bwanji. Ena mukungofuna kudziwa kalukidwe koti lanu ligone bwino pansi. Ndiyankha zonse pamodzi, poti kwa ine ndi nkhani imodzi.

Mukukumbukira kuti koloshi ndinaiphunzira kwa malemu mayi anga konkuno ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe. Bambo anachoka ku Dedza nthawi ya Federation, chitaganya chija cha Rhodesia ndi Nyasaland, Harare akadatchedwa Salisbury, ndipo malipiro awo sankafika kumapeto a mwezi. M'zaka za m'ma 1980 amayi ambiri a m'makomboni muno ankaluka madoyilo n'kumakagulitsa ku South Africa kudzera pa Beitbridge. Mayi anali mmodzi wa iwo, ndipo fizi yanga inachokera mmenemo. Doyilo n'chinthu chozungulira, choncho kaonjezedwe ka masitichi ndinakadziwa ndisanathe msinkhu.

Wachisamba wanga atandinong'oneza kuti ndi woyembekezera, ndinagula ulusi wachikasu n'kuyamba kuluka. Zotsatira zake ndinazilemba m'gawo 12, koma pali mbali imene ndinailumpha chifukwa mtima unakana. Mwana anabadwa wakufa. Mwambo wathu mukuudziwa: mtayo salira mokweza, sasonkhanitsa anthu, amapita ndi amayi akuluakulu okha. Tinabwerera kunyumba manja ali zii. Mwana wanga anagona moyang'ana kukhoma, mkaka ukunyowetsa bulauzi, ine ndikumumanga nsalu pachifuwa osadziwa choti ndimuuze. Madzulo amenewo mlamu wanga, uja ndinakuuzani pa nkhani ya maliro a bambo, anaona bulangete losatha lili pampando. Analinyamula ndi zala ziwiri n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Alamu, izi mwaziitana nokha. Wam'mimba samulukira."

Sindinayankhe. M'chipinda munali mwana wanga, chitseko chili chotsegula, ndipo ndikudziwa kuti anamva. Usiku umenewo ndinakhala m'khitchini mpaka atambala kulira, bulangete lili pamiyendo, mawu aja akungobwerabwera. Ndiyankha lero, alamu, poti ndikudziwa kuti mumawerenga. Anamwino anatiuza momveka kuti linali vuto la kuthamanga kwa magazi, BP inakwera miyezi yomaliza. Ulusi sukweza BP. Mwambo ndimaulemekeza, nanenso ndinakulira mmenemo, koma tsiku limenelo mwana wanga ankafunika womugwira paphewa, ndipo inu munamuonjezera katundu.

Bulangete linalowa m'sutikesi. Covid inabwera, inapita.

Mwana wanga ataimanso, sindine ndinayambitsa nkhani ya koloshi, ndipo izi ndikulembera inu amene munati ndinamukakamiza. Anabwera yekha, natsitsa sutikesi pamwamba pa wadulobu, n'kuti, "Amayi, malizitsani lomwe lija. Sindikufuna la m'sitolo." Ndikanakana bwanji?

Linali litafika masentimita 40 m'mimba mwake. Nditaonjezera mizere ingapo, m'mphepete munayamba kutukuka, chinthu chonse n'kukhala ngati lichero. Amayi ena a kutchalitchi ataliona anangoyang'anana, ndipo ndinadziwa chimene ankaganiza. Panalibe malodza aliwonse. Ulusi wakale unali utatha, ndipo watsopano, ngakhale papepala panalembedwa double knit chimodzimodzi, unali wowondako. Komanso manja anga sanali aja a kale. Munthu wamantha amakoka ulusi kwambiri, masitichi amapanikizana, mzere wakunja umafupika, ndiye m'mphepete mumadzuka.

Lamulo lake ndi ili, inu amene munafunsa. Ngati mukuluka ndi sitichi yaitali ija ya treble, mzere woyamba muikemo masitichi 12, ndipo mzere uliwonse wotsatira muonjezere 12. Wachiwiri ukhala ndi 24, wachitatu 36, wachikhumi 120. Sitichi yaifupi imafuna 6 okha pa mzere. Chifukwa chake n'chakuti mzere uliwonse ukakwera, m'mphepete mumatalika kuposa pang'ono kasanu n'kamodzi msinkhu wa mzerewo, ndipo treble ndi yaitali pafupifupi kawiri mulifupi mwake. Koma manja amasiyana. Wina treble yake imatalika, wina imafupika, ndiye nambala 12 ija ndi poyambira chabe. Chimene chimaweruza ndi bulangete lenilenilo mukaliyala pansi. Pamiyendo lililonse limaoneka labwino. Yalani pasimenti kapena patebulo pakatha mizere iwiri kapena itatu, osalikoka, mulione mmene lagonera lokha.

Ndinamasula mpaka pamene panali pogona bwino, n'kusiya koloshi ya 4 mm, kutenga ya 4.5 mm. Kumasulako kunandiwawa kuposa mmene ndingalembere, chifukwa mzere umene ndinaimira unali womwe ndinaluka sabata imene mwana woyamba uja ankapundabe m'mimba. Ndinaimira pomwepo. Pansi pake sindinakhudzepo.

Litakwana masentimita 70 linabwera vuto lina, losiyana ndi loyamba: m'mphepete munayamba mafunde. Apa ndiye kuti masitichi achuluka kuposa malo ake. Mtima unali utakhazikikako, manja amasuka, koloshi n'kukhalanso yaikulu. Mafunde akakhala aang'ono musamasule. Lukani mzere umodzi osaonjezera sitichi ngakhale imodzi, muyale pansi, muone. Ine kuyambira pamenepo ndinkaonjezera 10 pa mzere m'malo mwa 12, ndipo linagona. Koma ngati mafunde ndi akulu oti mukapondereza apa akudzuka apo, palibe chidule, masulani basi. Ena amati simbi ikonza. Ulusi umene ambirife timagula ndi wa acrylic, ndipo simbi ikaukhudza umasungunuka n'kufa, osabwereranso. Nthunzi yokha, simbi ili m'mwamba, imaongola timakwinya tating'ono, osati masitichi ochuluka.

Chinanso chimene mayi ankandimenyera pa dzanja ndili mtsikana: musamaonjezere pamalo amodzimodzi mzere ndi mzere. Zoonjezerazo zikasanjikizana, bulangete limatuluka ngodya 12, kuzungulira kuja kumatha. Muzisuntha. Ngati mzere uno mwaonjezera kumapeto kwa chigawo, wotsatira muonjezere pakati. Ine ndimakoleka kaulusi ka mtundu wina pachigawo chilichonse, chifukwa kuno magetsi akazima umawerengera pa nyale ya sola, ndipo mzere wa masitichi opitirira 300 sungauwerenge kawiri maso osalira.

Za kukula kwake, la khanda likafika masentimita 90 kapena mita imodzi ndi lokwana. Chenjerani ndi ulusi. Pamasentimita 45 anthu amaganiza kuti afika theka, koma pamenepo mwangodya gawo limodzi mwa magawo anayi a ulusi umene la masentimita 90 lidzafune, chifukwa mizere yakunja ndiyo imameza. Gulani wonse tsiku limodzi, sitolo imodzi, ndipo muone kuti nambala ya utoto papepala ikufanana. Ndikudziwa kuti ndalama kuno sizilola nthawi zonse, kaya muli ndi madola kaya ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, koma bola kudikira mwezi n'kugula pamodzi kusiyana n'kuzungulira m'tauni monse ndi kaulusi m'chikwama kufunafuna wofanana nawo. Langa pakati ndi lachikasu chakuya, kunja chikasu chotuwirako. Mwana wanga anati ndilisiye choncho, akufuna aziona pamene loyamba linathera.

Ulendo uno sikelo sanaphonyeko, BP ankamuyeza nthawi zonse, ndipo masabata omaliza anamugoneka kuchipatala. Ndinamaliza mzere wa m'mphepete nditakhala pabenchi panja pa wodi. Anabadwa mwana wamwamuna, wolira mokweza, ndipo tinatuluka naye atakulungidwa m'bulangete lomwelo. Alamu anabwera kudzaona khanda, anaponya ndalama m'mbale monga mwa mwambo, ndinawaphikira tiyi. Za tsiku lija sanatchule, ndipo mpaka pano sanapepese kwa mwana wanga.

Gawo likubwerali ndikuuzani za chikalata cha kubadwa cha mdzukuluyu. Ambiri a inu kumudziko simudziwa kuti ife ana a anthu ochokera ku Nyasaland tinayenda zaka zambiri ndi zitupa zokhala ndi chilembo A, chotanthauza mlendo, m'dziko limene tinabadwiramo, kufikira malamulo a dziko atsopano a 2013. Chitupa changa chakale chinatulukiranso pa nkhani ya mwanayu, ndipo imeneyo ikufuna gawo lakelake.