Chipewa chimene mwana wanga anakana kuvala

Gauni ija ndaipachika pamsomali wakuseri kwa chitseko, mawa ndikaibweze. Chipewa chili patebulo pano pambali pa foni. Nthawi yadutsa 1 koloko, nyumba yonse ili zii kupatula amayi amene akutsokomola pabalaza. Anakana bedi, akuti msana wawo unazolowera mphasa. Ine tulo tandithawa. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti usiku wa tsiku ngati la lero ndidzagona ngati khanda, koma mawu a amayi akungozungulira m'mutu.

Za mwambo weniweniwo sindilemba zambiri. Great Hall inadzaza, magalimoto anafika mpaka kumsewu, dzina langa linaitanidwa ndipo ndinayenda bwinobwino ngakhale nsapato zinali zatsopano. Nthungululu ya amayi ndinaizindikira pakati pa nthungululu zonse zija. Ndili ndi zaka 43, ana atatu, ndipo lero ndalandira digiri ya zauphunzitsi. Ndinalowa pa Chirunga pakadatchedwa Chancellor College, ndatuluka pakutchedwa University of Malawi, chifukwa mu 2021 Polytechnic ndi makoleji a zachipatala aja anaima paokha. Koma wakabaza wa ku Matawale ukafuna kuti akumve msanga umangoti "ku Chanco".

M'holo munalowa amayi ndi bambo a kunyumba. Ana anatsala panja, ndipo amene anawasunga ndi wachisamba wanga, mtsikana wa zaka 19. Maola onse aja anakhala pansi pa mtengo ndi mng'ono wake wa Sitandade 2, atanyamula chikwama changa, botolo la madzi ndi nsapato zanga zakale. Mchimwene wake wa zaka 16 anali uko akuyendayenda ndi anzake. Palibe amene anamuuza mtsikanayu kuti atsale ndi mwana. Zinangochitika zokha, monga zakhala zikuchitikira.

Titatuluka tinakaima pakapinga kuti wojambula atijambule, phiri lili kumbuyo kwathu. Pamenepo ndi pamene amayi anandigwira mkono.

"Iwe, vula chipewacho umuveke mwanayu."

Ndinaseka. Ponseponse anthu amachita zomwezo, wina kuveka agogo ake, wina khanda. Ndinavula n'kumupatsa. Iye anabwerera m'mbuyo, manja anawabisa kumsana.

"Ayi amama, si changa."

"Nchako," anatero amayi, osatsitsa mawu. "Sindikunena za chithunzi ayi. Nchako chimenecho, unachiphikira."

Wojambula anangoti tiyang'ane kutsogolo. Chithunzicho ndachiona madzulo ano. Chipewa chili m'manja mwanga, mutu uli pamtunda, tsitsi litaphwanyika mbali imodzi. Mwana wanga akuyang'ana pansi.

Kunyumba kunali mpunga, nkhuku ziwiri ndi thobwa limene amayi anabwera nalo kuchokera ku Jali. Aneba anabwera, anzanga akumpingo anaimba, aliyense amafuna kugwirako gauni. Ndinavina nawo, koma mtima sunali pamenepo. Anthu atayamba kuchepa ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba, atakhala pafupi ndi mbaula akuwotha makala otsala.

"Amayi, zija mwanena pagulu zija mumatanthauza chiyani?"

"Wamva bwinobwino. Usandifunse ngati sunamve."

"Ndiye mukuti ndamulakwira mwana wanga?"

Sanayankhe msanga. Anatakasa makala ndi kamtengo. Kenaka anandikumbutsa za chaka chatha, pamene anabwera kuno akudwala n'kukhala nafe masabata atatu.

"Ndinkagona pabalaza pomwe paja, ndinkaona zonse. Folo koloko mwana ali pambaula, iwe uli ndi mabuku. Amusambitse mng'ono wake, amuphikire phala, amuperekeze, kenaka athamange kusukulu kwake. Akaweruka, yunifolomu osavula, ali pampopi. Iwe kulibe. Usiku akatsegula kope akungosinza. Ndinakuuza nthawi ija kuti mwanayu ali Fomu 4, iwe unati kwatsala pang'ono."

Ndinatero ndithu. Ndikukumbuka ngakhale pamene ndinaima ponena mawuwo, pakhomo, chikwama chili paphewa, wakabaza akundidikira.

Ndinayamba kudziteteza. Ndinawauza kuti sindinapite ku yunivesite kukasewera. Zaka zoposa khumi ndakhala ndikuphunzitsa ku sekondale yoyendera ndi dipuloma yanga ya ku Domasi, ana amene ndinawaphunzitsa ndekha Fomu 1 akubwera ndi madigiri n'kundipitirira giredi. Ndinawauza kuti tchuthi cha maphunziro ndinapatsidwa, inde, koma malipiro okha sakanakwana fizi, lendi ndi chakudya, n'chifukwa chake masana ndi Loweruka ndinkathamangira kukaphunzitsa ku open. Ndinawakumbutsa za Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti, shuga ndi mafuta ophikira zitakwera ngati zikuthawa munthu, ine ndili ndi ngongole kubanki mkhonde. Wantchito ndikanamulipira chiyani? Ndinati zonsezi ndachitira ana omwewa.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Chaka chija Chilwa inaphwa, ukukumbuka?"

Ndikukumbuka. Munali mu 1995. Amayi ankapikula matemba ku Kachulu n'kumagulitsa, ndipo nyanja itauma bizinesi inathera pomwepo. Ine ndinali nditatsala pang'ono kulemba mayeso a Sitandade 8. Pulayimale inali itangokhala yaulere chaka cham'mbuyo mwake, koma sekondale inkafuna ndalama.

"Ndinagulitsa mbuzi zonse zitatu. Ndinkalima ganyu m'madimba mwa anthu. Koma tsiku limodzi lokha ndinakuuzapo kuti siya kope ukasinje? Azakhali ako ankandinena kuti ndikulera mlesi. Ndinkati musiyeni, mphika ndi wanga, buku ndi lake."

Apa ndinasowa chonena. Zoona, ndinakula osadziwa kuti m'mawa moto amakoleza nthawi yanji. Ndinkangodzuka madzi atafunda.

Ndiyenera kulemba apa chinthu chimene ndakhala ndikuchizemba kwa chaka chathunthu. Mwana wanga pa MSCE anapeza makirediti asanu. Chingerezi anapeza 7. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite pamafunika makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chikhale m'gulu lomwelo, ndipo kirediti imathera pa 6. Anaphonya ndi sitepe imodzi, paphunziro limene ine mayi wake ndimaphunzitsa. Ana a eni ndawakhazika pansi Loweruka lililonse kuwaonetsa kalembedwe ka chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani. Wanga sindinamuchongerepo ngakhale pepala limodzi chaka chonse cha Fomu 4. Ankandisiyira kope patebulo, ine n'kuika asayimenti yanga pamwamba pake.

Zotsatira zitatuluka ndinauza aliyense kuti ndi Covid, poti masukulu anatsekedwa mu Malichi 2020 iye ali Fomu 1, ndiponso kuti ndi namondwe Freddy amene anaimitsa maphunziro kuno kummwera miyezi yochepa mayeso asanayambe. Zimenezo zinachitikadi, sindinaname. Koma anzake amene anakhoza anadutsa mu Covid yomweyo ndi Freddy yemweyo. Ndinkadziwa, ndipo ndinkalankhula mokweza kuti wina asayambe kufunsa zambiri.

Koma pali china chimene chinandipsetsa mtima, ndipo ndinawauza amayi pomwepo. Bwanji mlandu wonse uli pa ine? Bambo ake anali pomwe paja pakapinga, atavala jekete, akulandira moni wa anthu owayamikira kuti analola mkazi kuphunzira. Mawu akuti "analola" ndawamva kanayi lero. Sindikuwanyoza ayi, ndi munthu wabwino, amadzuka usiku kukayendetsa minibasi ya ku Limbe ndipo fizi ya chaka chachiwiri anandithandiza ndi iwo. Koma Lamlungu amakhala pakhomo tsiku lonse, ndipo palibe anawafunsapo kuti bwanji osagwirako chidebe. Amuna amene ndinkaphunzira nawo, a msinkhu wanga, ena anasiya mabanja ku Mzimba ndi ku Nsanje n'kudzachita lendi ku Chikanda. Akaweruka ankapita kulayibulale mpaka kutseka. Lero palibe mayi amene wawagwira mkono pagulu.

Amayi anangoti, "Apongozi anga sindingawauze zimenezo. Ine ndikulankhula ndi amene ndinabereka. Nanga mnyamata uja, ali ndi manja angati?"

Pamenepo mpamene panandiwawa koposa, chifukwa ameneyo palibe wina wondiyankhira. Mnyamatayo ndi wanga, amagona m'nyumba mwanga, ndipo amene amagawa ntchito pakhomo pano ndine. Sadziwa kuphika nsima. Ndikamutuma kumpopi akang'ung'udza ndinkangoti basi musiye, tapita iwe. Mtsikana sankang'ung'udza, ndiye zonse zinkagwera iye. Kusukulu ndaimapo kangati pamsonkhano wa makolo kuwauza kuti atsikana musamawachulutsire ntchito, muziwapatsa mpata wowerenga? Makolo ankawomba m'manja. Ndikaganiza zimenezi nkhope ikutentha ngakhale ndili ndekha m'chipinda muno.

Komabe sindinganene kuti ndikanadziwa sindikanapita. Ndayesa kudzifunsa usiku uno, yankho likukana kusintha. Sukulu imeneyi ndinayamba kuisirira ndili mtsikana, tikabwera mtauni ndi amayi n'kuona ophunzira akudutsa ndi mabuku pamsika wa Zomba. Yunivesite inayamba mu 1965, koleji inasamukira ku Zomba kuno mu 1973, ine ndisanabadwe, koma kumudzi kwathu, ulendo wosakwana maola awiri, kubanja kwathu kunalibe ndi mmodzi yemwe amene analowapo. Tsiku loyamba kukhala m'kalasi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga, akunditchula kuti "amami", ndinkanjenjemera ndi chimwemwe. Zimene ndaphunzira zandisintha kaphunzitsidwe, ndikudziwa. Chimwemwe chimenecho chinali chenicheni. Kungoti sindikudziwa pochiika tsopano.

Alendo onse atapita, kaya inali 9 kaya 10, ndinamva mbale zikulira kukhitchini. Ndinamupeza yekha, atavula diresi lake la lero n'kumanga chitenje, beseni lili pansi. Ndinakhala pachitini n'kuyamba kutsukuluza. Anandiyang'ana modabwa.

"Amama, kapumuleni, lero ndi tsiku lanu."

"Agogo ako anena zoona?"

Anapitiriza kukwecha poto wa mpunga. Patapita nthawi anati, "Ine sindinakwiye."

"Sindinafunse ngati wakwiya."

"Ndinasangalala atakuitanani dzina. Tinamva pa sipika, ndinamuuza mwana kuti awo ndi amama." Anaima pang'ono. "Kungoti simunandifunsepo. Mukanandifunsa ndikanavomerabe. Koma simunafunse."

Ndinafuna kumukumbatira koma manja onse anali sopo, ndiponso iye sanatembenuke. Ndinamufunsa chimene akufuna. Anati akufuna kulembanso, osati Chingerezi chokha, awonjezere Biology ndi Chemistry kuti magiredi akwere, chifukwa maganizo ake akadali pa unamwino. Izi sanandiuzepo chaka chonsechi chimene wakhala pakhomo akugulitsa mandasi pamsewu. Kapena anandiuza ine ndili pakati polemba lipoti la kafukufuku, sindingakane. Kenaka ananena china chimene sindinachiyembekezere.

"Koma osati kusukulu kwanu."

"Chifukwa?"

"Anthu azikati mwana wa madamu a Chingerezi analephera Chingerezi."

Ndinati chabwino. Ndinati kuyambira mawa mbaula ndi yanga ndi mchimwene wake. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene wamvapo lonjezo lotere. Mwina ndinalonjezapo nthawi ya tchuthi china, sindikukumbuka.

Ndakhala ndikuwerengetsera papepala lakuseri kwa pulogalamu ya mwambo. Ngongole yakubanki mkhonde ithera mwezi wachitatu kuchokera pano. Pepala la digiri ndikapereka ku ofesi sabata yamawa, koma anzanga amene anamaliza m'mbuyomu anandiuza kuti ndisayambe kudyeratu ndalama ya giredi yatsopano. Fizi ya mwana, ndalama ya mayeso, mabuku. Ndikasiya ku open kuti ndizikhala pakhomo masana, ndalamayo ichokera kuti? Ndikapitiriza, amene aziphika madzulo ndani? Bambo ake ndiyenera kulankhula nawo, ndipo sindikudziwa poyambira, chifukwa lero agona osangalala kwambiri, jekete aipachika pamwamba pa gauni.

Amayi abwerera ku Jali mawa masana. Pogona anandiitana n'kundigwira dzanja, anati, "Wandivala ulemu lero, usaganize kuti sindinaone." Zina zija sanabwezeko ngakhale liwu limodzi.

Ndatchera alamu pa hafu pasiti folo. Koma mwanayu masiku ano sadzutsidwa ndi alamu, thupi linazolowera lokha. Machesi amasunga ndi iye, ndipo ndazindikira pompano kuti sindikudziwa pamene amawaika.